Migolo Imene Kompyuta Sinkaidziwa

Dzina lakuti Nasefa anamupatsa ndi anzake a kuntchito, ndipo linamukakamira mpaka bambo ake omubereka anayamba kumuitana choncho. Anali mayi wa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, wamfupi, wa mapewa otambalala, woyenda mopendekera pang'ono kumanzere chifukwa cha zaka zonyamula zitini. Banja lake linatha kalekale popanda phokoso, ndipo mwana wake mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali. Ankakhala ndi bambo akewo m'kanyumba ka zipinda ziwiri, ka zenera limodzi losatseguka.

Bambo akewo anagwira ntchito zaka makumi atatu m'fakitale yakale yosungunula zitsulo, imene inali pamalo omwewo pamene panadzamangidwa yatsopanoyi. Anali woumba zikombole za mchenga. Anatulukamo ndi chifuwa cholira ngati chitseko chadzimbiri komanso chala chimodzi chosapindika. Nasefa ali mtsikana ankawapititsira chakudya masana, n'kuima pageti kuonerera chitsulo chofiira chikutsanulidwa ngati uchi. Utsi wa kumeneko unkadetsa zovala pa zingwe m'dera lonselo. Fakitaleyo itatsekedwa anthu analira ntchito, koma zifuwa zawo zinapumako.

Yatsopanoyi inalibe chumuni. Makoma ake anali oyera ngati a chipatala, pansi ponyezimira, ndipo mkatimo munali mzere wa makina asanu ndi atatu ooneka ngati makabati akuluakulu, aliwonse ndi kawindo kake. Makinawo ankayala ufa wa chitsulo, wosalala kuposa wa tirigu, mopyapyala ngati tsitsi. Kenako kuwala kwamphamvu kotchedwa leza kunkathamanga pamwamba pake n'kusungunula pokhapo pamene kompyuta yalamula. N'kuyalanso, n'kusungunulanso, tsiku lathunthu, mpaka chitsulo chonse chitamera mkati mwa ufawo: mapiko a mapampu a madzi, zolumikizira mapaipi, tizitsulo ta mainjini tokhala ndi mabowo okhotakhota amene mmisiri aliyense sangaboole ndi dzanja.

Tsiku limene Nasefa anayamba ntchito n'kufotokoza zimenezi kunyumba, bambo ake anaseka mpaka kutsokomola.

"Leza? Ndiye kuti mwamugwira Leza wa kumwamba uja, mwamutsekera m'kabati, akukupangirani mapampu?"

"Si ameneyo, ababa. Ndi kuwala chabe."

"Nanga zotsala mumataya kuti?"

"Kulibe zotsala. Ufa umene sunasungunuke timausefa n'kuubwezeranso. Ntchito yanga ndi imeneyo."

Mkuluyo anapukusa mutu. "Ine ndasewera ndi moto moyo wanga wonse. Sindinauonepo ukumaliza kudya n'kutsuka mbale."

Zaka khumi ndi chimodzi Nasefa anasefa. Ankavala ovolosi yoyera, magolovesi, ndi chigoba cha mapaipi awiri chimene chinkamusiyira mizere m'masaya mpaka pobwerera kunyumba. Ufa anaudziwa ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake. Watsopano umayenda ngati madzi, osamveka n'komwe. Wotopa umachita mphwayi, umagwirana tizibuma, ndipo mtundu wake umazilala. Iye ankangopendeketsa chitini n'kunena kuti uwu wakalamba, ndipo a ku chipinda choyezera ankadzatsimikiza mawa lake.

Mnzake wapamtima kumeneko anali Kamwaye, bambo wamtali wowonda, wa imvi m'ndevu, wobwera pa njinga yakuda imene ankaipukuta kuposa nsapato zake. Dzina lakelo linachokeranso ku ntchito, chifukwa zotsala zinalipo ndithu. Leza ikamawotcha imatulutsa kautsi, kautsiko kamakodwa m'zosefera mpweya kuseri kwa makina n'kusanduka mwaye wakuda bii. Mwaye umenewu si wa m'khitchini. Ukauma n'kukumana ndi mpweya umatha kuyaka wokha, popanda machesi. Choncho Kamwaye ankachotsa zoseferazo mosamala n'kuzimiza m'madzi m'migolo. Koma m'madzimonso sugona tulo: umatulutsa pang'onopang'ono mpweya wosaoneka, wosanunkha, woyaka msanga. N'chifukwa chake migoloyo inali ndi zivundikiro za kabowo kopumira, ndipo lole ya kampani yodziwa kutaya zinthu zoopsa inkabwera pa masabata awiri aliwonse kudzatenga yodzaza n'kusiya yopanda kanthu.

Kamwaye migoloyo ankaitcha apongozi. "Umawapatsa ulemu, suwakhala pafupi, suwatembenukira msana," ankatero. M'mawa Nasefa akamufunsa kuti apongozi adzuka bwanji, iye ankayankha kuti adzuka bwino, angodandaula za m'mimba.

Zinthu zinayamba kusintha pamene kunabwera bwana watsopano, wazaka zosakwana makumi anayi, wa magalasi opyapyala ndi mawu ofatsa. Sanali munthu woipa. Ndi iye anaikitsa mabatire a dzuwa padenga, ndi iye analetsa mabotolo apulasitiki, ndipo ankapereka moni kwa aliyense, ngakhale osesa. Ogula akuluakulu akunja, anatero, sakufunanso chitsulo chabwino chokha. Akufuna umboni wakuti chinapangidwa mosawononga chilengedwe, ndipo umboniwo ndi satifiketi imene oyendera adzabwera kudzapereka pakatha miyezi isanu ndi umodzi.

Anachotsa mapepala onse. Chitini chilichonse, mgolo uliwonse, anamatapo kachizindikiro ka timizeremizere kamene umangokaloza ndi kamakina ka m'manja, kompyuta n'kudziwa kuti ndi chiyani, chachokera kuti, chapita kuti. Zitseko zinayamba kutseguka ndi makhadi. M'makina anaikamo maso ndi makutu ambirimbiri oyeza kutentha, mpweya ndi magetsi. Ndipo pakhoma la khonde lolowera anapachikapo sikirini yaikulu yoonetsa mtengo. Zinyalala zikachepa, mtengowo unkaphuka masamba. Zikachuluka, masamba ankayoyoka. Bwanayo m'mawa uliwonse ankaima patsogolo pake, manja kumbuyo, kuwerenga. Sabata isanathe antchito anali atamutcha kale Bwana Masamba.

Nasefa poyamba anakondwera nazo. Zitsulo zowonongeka zinachepadi. Magetsi anasiya kuyaka m'zipinda zopanda anthu. Iye amene ankadana ndi kulemba anapepukidwa. Ankauza bambo ake kuti ntchito yafewa, ndipo iwo ankangoyankha kuti "Oo."

Koma kompyutayo zinyalala inkazidziwa njira imodzi yokha: sikelo ya pageti lalikulu. Chimene chakwera pa sikeloyo potuluka, chimenecho ndicho chinyalala. Chimene sichinatuluke sichinali kanthu. Ndipo tsiku lililonse limene lole ya mwaye yadutsa, mtengo unkayoyola masamba ochuluka, anthu akuona.

Loleyo inayamba kubwera kamodzi pamwezi. Kenako inangosiya.

"Taimika kaye pang'ono," anatero Bwana Masamba pamsonkhano wa Lolemba. "Tikufufuza njira yabwino yobwezeretsera mwayewo ku ntchito. Oyendera akangodutsa, tiona."

Vuto linali lakuti migolo ya kabowo kopumira inali ya eni lole. Itadzaza yotsalayo, Kamwaye anauzidwa kuti azigwiritsa ntchito migolo yabuluu imene ufa watsopano umabweramo. Imeneyi ili ndi zivundikiro zomanga ndi lamba wachitsulo, zosalola ngakhale kampweya, chifukwa ufa sufuna chinyezi. Akailoza ndi kamakina, kompyuta inkalemba kuti: mgolo wopanda kanthu, wagwiritsidwanso ntchito. Ndipo mtengo unkaphuka tsamba lina.

Ankaisunga m'chipinda cha kuseri, chokhacho chotsala cha fakitale yakale ija, cha njerwa zakuda ndi denga lamalata lotsika. Munalibe zenera, munalibe chilichonse choyeza kutentha. Chatsopano chinali chitseko chokha, cha khadi.

Nasefa analowamo tsiku lina masana kukasiya masefa ong'ambika. Nyengo yotentha inali itayamba. Atangotsegula anamva ngati walowa m'kamwa mwa chinyama. Migolo inali itandandalikidwa mizere itatu. Anaima kaye kuti maso azolowere mdima, ndipo m'kachetechetemo anamva kaphokoso: thi. Patapita kanthawi, kwina: thi. Ngati malata akamazizira madzulo, koma apa kunali masana, ndipo phokosolo silinkachokera kudenga. Anavula golovesi n'kukhudza mgolo wapafupi. Unali wofunda ngati mphumi ya mwana wamalungo. Chivundikiro chake, chimene chimayenera kukhala chafulati, chinali chitatukumuka ngati buledi.

Anakamupeza Kamwaye akutsuka manja.

"Achimwene, apongozi anu mwawaona?"

Kamwaye sanaseke. "Ndawaona, achemwali. Ali ndi pakati onsewo."

"Ndiye mwangokhala chete?"

"Ndanena kawiri. Akuti ndilembe m'kompyuta. Inu mukayese, mwina inu ikumverani."

Nasefa anapita kwa injiniya woyang'anira makina, mayi wachitsikana wa maso otopa amene ankadya chakudya chake ataimirira. Injiniyayo anamvetsera bwinobwino, n'kutsegula tsamba lolembapo zoopsa. Tsambalo linafuna nambala ya chinthu. Analemba nambala ya mgolo. Linayankha kuti mgolowo ndi wopanda kanthu. Anayesa kulemba dzina la chipinda. Chipindacho m'kompyutamo chinali chosungiramo matsache.

"Amayi, sikundilola," anatero, akuluma mlomo. "Tiyeni ndikaone ndi maso."

Anakaona. Anatulukamo n'kupita molunjika ku ofesi ya bwana, Nasefa ali pambuyo. Bwana Masamba anawalandira bwino, anawapatsa mipando. Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Kenako anatembenuza sikirini yake kuti aone: mizere yonse inali yobiriwira.

"Ndikukumvani," anatero. "Sindikunyoza. Koma atsala masabata atatu okha. Tikatulutsa migolo yonseyo lero, miyezi yonseyi yafera pa sikelo. Satifiketi ikatiphonya, ogula athawa, ndipo anthu makumi asanu ndi awiri a muno ndidzawauza chiyani? Mwaye uli m'madzi. Uli bwino. Masabata atatu, amayi."

"Bwana, mungopita mukaikhudze," anatero Nasefa.

"Ndipita ndithu."

Sanapite.

Kamwaye anapeza njira yakeyake. M'mawa uliwonse, dzuwa lisanalimbe, ankalowa m'chipindamo ndi nyundo yamtengo, chifukwa yachitsulo ingathethetse moto, n'kumasula lamba wa mgolo uliwonse pang'onopang'ono mpaka utapuma: fyuuu. Kenako n'kumanganso mosathinitsa. Nasefa ankaima pakhomo atagwira chitseko kuti mphepo izilowa. Nthawi zambiri ankatsegula ndi khadi lake, popeza mnzakeyo manja amakhala atanyamula zida. "Ndikukawageyetsa apongozi," ankatero Kamwaye podutsa anzawo, iwo n'kumaseka osadziwa chimene akuseka. Migolo inali makumi atatu. Kenako makumi atatu ndi isanu ndi umodzi. Makina sankaima.

Kunyumba Nasefa anasiya kudya bwino. Tsiku lina Lamlungu akuwameta bambo ake pakhonde, iwo anamugwira dzanja.

"Undidula khutu. Chikukudya mtima n'chiyani?"

Anawafotokozera zonse. Mkuluyo anamvetsera, chifuwa chikulira.

"Chipinda cha njerwa zakuda chija? Ndimachidziwa. Masana simukhalika." Anatsokomola. "Usiye ntchito."

"Ndisiye, achimwene aja azitsegula okha?"

"Ndinadziwa kuti utero. Wafanana ndi malemu mayi ako, makani." Anamubwezera lumo. "Ndiye mvera. Moto wa chitsulo suzimitsidwa ndi madzi. Madzi ndi ndiwo zake. Tinataya munthu ife chifukwa cha ndowa imodzi imene mnzake anamuthira pofuna kumuthandiza. Upeze mchenga wouma, wouma gwaa, uuike pafupi. Ndipo paipi ya madzi uzidziwa pamene imatsekera."

Mawa lake iye ndi Kamwaye anatapa mchenga pa mulu umene omanga mpanda anasiya, anauyanika pa malata, n'kudzaza ndowa khumi ndi ziwiri ndi wilibala. Anaziika kuseri kwa khoma, n'kuvundikira ndi lona. Mlonda atafunsa, Kamwaye anati akufuna kumangira apongozi chimbudzi.

Kutatsala masiku awiri kuti oyendera afike, fakitale yonse inasesedwa, inapentedwa, inaikidwa maluwa a m'miphika. Ndipo Nasefa atafika kuseri m'mawa anapeza chitseko chija chitatsekerezedwa ndi milu ya mapaleti, matabwa osanjikapo katundu, mpaka kudenga, patsogolo pake atakoka chinsalu chachikulu chojambulidwa ana akudzala mitengo. Anazungulira, n'kulowetsa dzanja pampata, n'kugunditsa khadi lake. Kanyali kanayaka kofiira.

"Atseka kuchokera ku ofesi," anatero Kamwaye kumbuyo kwake. Nyundo yamtengo inali m'manja mwake. "Mpaka Lachisanu."

Linali Lachiwiri. Kumwamba kunalibe kamtambo ngakhale kamodzi.

Masiku atatu amenewo Nasefa anawakumbukira bwino kuposa tsiku la ngozi lenilenilo. Ankasefa, koma makutu ali kuseri. Wina akagwetsa sipanala, mtima unkamuthawa. Pa nthawi yopuma ankapita kukaima pafupi ndi chinsalu chija ngati akuwerenga mawu ake, ndipo kudzera m'njerwa ankamva: thi, thi-thi, thi. Injiniya anatumiza mauthenga atatu kwa bwana, n'kumuonetsa Nasefa pa foni kuti onse awerengedwa koma sanayankhidwe. Kamwaye anasiya nthabwala. Njinga yake inakhala ndi fumbi.

Oyendera anabwera Lachinayi, amuna awiri ndi mayi mmodzi, aulemu, onunkhira sopo. Anakhala maola anayi m'chipinda chozizira akuyang'ana manambala. Anazungulira makina atavala zipewa zatsopano. Mayiyo anaima pa sefa ya Nasefa n'kumufunsa ngati amanyadira kugwira ntchito pamalo osamala chilengedwe chotere. Bwana Masamba anali pambali pake, akumwetulira. Nasefa anafuna kumuuza za migolo ija. Anayang'ana bwanayo, anayang'ana anzake amene anaima pamzere m'maovolosi ochapa, wina wa iwo mkazi wake atangobereka kumene. Anati, "Eya, mayi." Mawu awiri amenewo anamutsata zaka zambiri.

Oyenderawo anadzala kamtengo pafupi ndi geti, anajambulitsa, anapita.

Lachisanu chitseko anachitsegula mochedwa, cha m'ma leveni, chifukwa woyendetsa kagalimoto konyamulira mapaleti anayamba wachotsa maluwa. Dzuwa linali litakwiya kale. Kamwaye anavala chigoba chake, anamanga magolovesi.

"Dikirani kuzizire, achimwene. Mawa m'mawa."

"Mawa safika amenewa. Tamverani." Migolo inkalira ngati chimanga pa chiwaya. "Inu musaime pakhomo lero. Ikanipo njerwa, mukaime uko."

Nasefa anaika njerwa pachitseko n'kubwerera mapazi khumi. Anamuona mnzakeyo akuwerama pa mgolo woyamba. Unapuma bwino, nthawi yaitali. Wachiwiri chimodzimodzi. Atafika pa wachitatu, lamba anali atathina ndi kutupa, ndipo nyundo itangomugunda anadumpha yekha n'kukhula pa mkombero wachitsulo.

Nasefa sanamve kuphulikako ngati phokoso. Anangopezeka ali pansi chagada, m'kamwa muli fumbi, akuona chivundikiro chabuluu chikuzungulira m'mwamba pamwamba pa denga lobooka. Kenako kunaphulika kachiwiri, ndi kachitatu. Matope akuda anamwazikira pa makoma ndi pa malata otentha, ndipo pamene ankauma ankayaka, moto woyera wobaya m'maso, wopanda malawi ofiira amene anthu amawadziwa.

Kamwaye anatuluka chokwawa, manja a ovolosi akufuka. Nasefa anamukoka ndi kolala mpaka kuseri kwa khoma, anamugubuduza pansi, n'kumukwirira mikono ndi mchenga. Atatembenuka anaona amuna atatu akuthamanga ndi paipi yofiira ya pakhoma, wachinayi akupita kokatsegula.

"Madzi ayi! Madzi ayi!"

Palibe anamumva. Anathamanga mopendekera muja, anamupitirira wachinayiyo, n'kukumbatira gudumu lotsegulira madzi ndi thupi lonse. Bamboyo anamukoka, anamutukwana, anamufunsa ngati wapenga. Iye anangoti gwa, mpaka injiniya anafika akukuwa kuti amusiye, akunena zoona. Pamenepo anthu anapanga mzere, ndowa za mchenga zikuyenda dzanja ndi dzanja, amuna awiri olimba mtima akuponya ali pakhomo. Mchenga utatha anakumba wa pa mulu. Ozimitsa moto atafika, injiniya anaima patsogolo pa galimoto yawo mpaka mkulu wawo atatsika n'kumvetsera. Moto anaugonjetsa cha m'ma folo. Pa migolo makumi anayi ndi umodzi imene inali m'chipindamo pofika tsikulo, itatu inali itaphulika. Makumi atatu ndi isanu ndi itatu inali chiimire mu utsi, yotupa, ndipo akatswiri ovala ngati opita kumwezi anatha masiku awiri akuipumitsa umodziumodzi.

Kufufuza kunachitikira m'chipinda chozizira chomwe chija. Akuluakulu ochokera ku likulu la kampani anatsegula kompyuta. Inawauza kuti m'chipinda cha matsache munali migolo yopanda kanthu, ndipo khadi la Nasefa linatsegula chitseko chake maulendo makumi awiri ndi limodzi m'masabata atatu, popanda ntchito yolembedwa. Anamufunsa chimene ankakatenga. Anamufunsa amene anamuuza kutseka madzi pa nthawi ya moto. Iye anayankha zonse mosakweza mawu, manja ali pa maondo. Chimene chinamupulumutsa ndi foni ya injiniya. Mayiyo anaiika pa tebulo, mauthenga atatu aja ali poyera, ndi zithunzi za zivundikiro zotupa zimene anajambula tsiku loyamba lija.

Nasefa sanachotsedwe. Bwana Masamba anasamutsidwira ku nthambi ina, ndipo tsiku lochoka anabwera ku sefa n'kungonena kuti, "Ndikanapita kukaikhudza." Injiniya anasiya yekha patatha mwezi. Satifiketi inafika pa positi ndipo inapachikidwa.

Kamwaye anagona m'chipatala masabata asanu ndi awiri. Anatuluka khutu limodzi litafa, zala zitakwinyika moti sakanathanso kugwira mabuleki. Nasefa atapita kukamuona kwawo anamupeza pansi pa mthunzi, mkazi wake akumudyetsa ndi sipuni.

"Achemwali, lankhulirani mbali iyi, uku atseka ofesi," anatero. "Mwaona? Zaka zonsezi ndimapempha mayiwa kuti azindidyetsa, amakana. Pamafunika apongozi alowererepo."

Mkazi wakeyo anamumenya ndi sipuni paphewa, misozi ili m'maso. Kenako Kamwaye anafunsa, mwakachetechete, "Otsala aja anapita kuti?"

Funso lomwelo linkamusowetsanso mtendere Nasefa. Migolo ija inachoka Loweruka lina masana, iye ali pa ntchito yowonjezera. Siinatengedwe ndi eni lole akale aja. Inabwera lole yopanda dzina pachitseko, ya matayala osalala, ndipo inatulukira pa kageti ka omanga mpanda, kumene kulibe sikelo. Iye anathamangira dalaivala n'kumuuza kuti zinthuzo zisaume, zisatsekedwe kwambiri, zisayandikire moto. Dalaivalayo anati, "Musadandaule, mayi, ife timanyamula chilichonse," n'kukweza galasi. Atafunsa ku ofesi anamuuza kuti zili m'manja mwa akatswiri.

Anadzadziwa patapita miyezi iwiri. Akuchokera kokagula mankhwala a chifuwa a bambo ake, anatsika basi pamalo achilendo chifukwa msewu unali wotseka. M'mbali mwa msewumo munthu wina ankagulitsa zidebe, mabeseni ndi migolo yosungira madzi. Pakati pake panali isanu ndi inayi yabuluu, yotsukidwa bwino, yowala. Pa umodzi kachizindikiro ka timizeremizere kanali kasanamatuke konse.

"Yolimba iyi, mayi, ya kufakitale," anatero wogulitsayo. "Madzi amakhala ozizira tsiku lonse."

"Munali chiyani?"

"Matope chabe, akuda. Tinakhuthula, tinatsuka ndi sopo."

"Munakhuthulira kuti?"

Bamboyo analoza ndi chibwano kumunsi, kumene kunali khwawa louma pakati pa nyumba. Nasefa anatsetsereka, thumba la mankhwala lili m'manja. Pansi pa khwawalo panali chithaphwi chakuda chachikulu ngati chipinda, chonyowabe pakati, koma m'mbali mwake chitauma n'kung'ambika ngati chidendene. Nkhuku zinkapalasa pafupi. Chapamtunda pang'ono mayi wina ankasesa masamba n'kuwaunjika, bokosi la machesi atalipana m'kamwa.

Nasefa anamulanda machesiwo asanamupatse n'komwe moni. Panabuka mkangano, anthu anasonkhana, ena ankati ndi wamisala, mpaka anawaonetsa zipsera za m'manja mwake ndi khadi la kuntchito. Anaimbira ozimitsa moto, n'kukhala pa mwala pakati pa chithaphwicho ndi anthu, akuthamangitsa nkhuku ndi aliyense wofuna kuyandikira. Ozimitsa motowo anafika patatha maola atatu. Mkulu wawo anamuzindikira, anavula chipewa, ndipo sanafunse zambiri. Anazinga malowo ndi chingwe, anathira mchenga, mawa lake n'kudzakumba zonse.

Wogulitsa uja analumbira kuti anagula isanu ndi inayi yokha, kwa munthu wa lole amene sankamudziwa dzina. Apolisi analemba. Kampani inati inapereka ntchitoyo kwa kontilakita, kontilakitayo anati anapereka kwa mnzake, ndipo mnzakeyo foni yake siinkapezekanso.

Nasefa akusefabe mpaka lero, ndipo eni lole akale aja anayambiranso kubwera pa masabata awiri aliwonse. Koma Loweruka likafika, akawasambitsa bambo ake n'kuwakhazika pakhonde, amakwera basi iliyonse imene yabwera, n'kukatsika kumene sanafikeko. Amayenda m'misika ya zitsulo zakale, kuseri kwa magalaja, m'mabwalo osungiramo katundu, akusuzumira pa mipanda. Wapezako inayi, yonse yopanda kanthu, ndipo eni ake sadziwa chimene chinalimo. Makumi awiri ndi isanu sanaipeze.